Pivot table kapena fomula: kuwerenga kujomba kwa antchito odwala

Amene amasunga mabuku a antchito pa loji ya kunyanja, pa sukulu ya pulayiveti kapena pa kampani ya nsomba kuno ku Mangochi amalidziwa funso limene bwana amabwera nalo dzinja likafika pachimake: kodi ndani akujomba kwambiri? Likayankhidwa pakamwa, mlandu umagwera amene wadwala sabata yatha, kapena amene sagwirizana ndi kapitawo. Ndiye anthu amafuna nambala. Yotchuka pa nkhaniyi ndi Bradford Factor, imene dzina lake linachokera ku University of Bradford ku England m'zaka za m'ma 1980.

Samu yake ndi yaifupi. Mumatenga maulendo amene munthu wajomba chifukwa cha matenda m'masabata 52 apitawa, n'kuwachulukitsa ndi nambala yomweyo, kenako n'kuchulukitsanso ndi masiku onse amene sanabwere. Tiyerekeze loji ina cha ku Nkope. Wophika anachitidwa opaleshoni, anakhala kunyumba masiku 15 ulendo umodzi: 1 × 1 × 15, mapointi 15. Mlonda malungo anamugwira katatu, masiku 2, kenako 3, kenako 2: 3 × 3 × 7, mapointi 63. Woperekera zakudya anajomba maulendo 6, tsiku limodzilimodzi, onsewo Lolemba: 6 × 6 × 6, mapointi 216. Amene wataya masiku ochepa ndiye ali pamwamba, ndipo anachita kukonza dala kuti zizitero. Maganizo ake ndi akuti kujomba kwadzidzidzi kwa tsiku limodzi kumasokoneza ntchito kuposa matenda aatali, poti aataliwo mumawadziwa ndipo mumapeza waganyu wogwirizira.

Kwa anthu atatu, cholembera ndi pepala zikwana. Kwa anthu 40, mwezi ndi mwezi, mpamene pamafunika kusankha njira pa Excel: pivot table, chida chimene chimasonkhanitsa manambala a mndandanda wautali pa tebulo lachidule, kapena mafomula olemba nokha.

Yambani mwaona kaundula wanu

Maofesi ambiri amalemba mayina kumanzere, masiku a mwezi pamwamba, ndi chilembo chimodzi m'kabokosi ka tsiku lililonse. Pakhoma zimaoneka bwino, koma pivot table siyenda bwino pa kalembedwe kotere. Imafuna mndandanda wotsika pansi, mzere umodzi pa ulendo umodzi wa kudwala. Kolamu A ikhale nambala ya wantchito, B gawo limene amagwira, C tsiku loyamba kujomba, D tsiku lomaliza, E kuchuluka kwa masiku, F mtundu wa kujombako.

Ndati nambala, osati dzina. Mlembi wina alemba Yusufu, mnzake alemba Yusuf, wachitatu alemba Yusufu n'kusiya mpata kumapeto umene diso silingauone. Kwa pivot table amenewa ndi anthu atatu, ndipo poti maulendo amachulukitsidwa okhaokha, munthu wa mapointi 63 akhoza kusweka n'kukhala anthu atatu a mapointi 2, 3 ndi 2.

Kolamu F ndi imene kwathu kuno simuyenera kuinyalanyaza. Wopita kumaliro sanadwale. Mayi amene akudikirira mwana wake wogonekedwa pa chipatala cha boma pa Mangochi Boma kapena ku St Martin's ku Malindi sanadwale. Tchuthi cha uchembere si matenda. Zonsezi zikalowa m'thumba limodzi, nambala imene mutulutse idzakhala ikuyeza kukula kwa banja la munthu. Ikani mndandanda wa mawu osankha kudzera pa Data Validation kuti aliyense azilemba "matenda" mofanana.

Ngati kaundula wanu ali ndi mzere umodzi pa tsiku lililonse lojomba, musamutaye. Sanjani mizere potsata nambala ya wantchito kenako tsiku, ndipo mu kolamu yatsopano, kuyambira mzere wachitatu, lembani:

=IF(AND(A3=A2,C3=C2+1),0,1)

Fomulayi imaika 1 pamene ulendo watsopano wayamba, ndi 0 pamene matenda akungopitirira kuchokera dzulo. Ku ofesi yotseka Loweruka ndi Lamlungu, m'malo mwa C2+1 lembani WORKDAY(C2,1), apo ayi wodwala Lachisanu mpaka Lolemba awerengedwa kuti wadwala kawiri.

Pivot table yokha

Poyamba imasangalatsa. Mudina Insert, kenako PivotTable, mukokera nambala ya wantchito ku Rows, masiku ku Values, mtundu ku Filters n'kusankha matenda okha. Pasanathe mphindi ziwiri muli ndi masiku a munthu aliyense. Mukakokeranso kolamu ya masiku ku Values kachiwiri n'kuisintha kuchoka pa Sum kupita pa Count, mwapezanso maulendo. Zofunika zonse ziwiri zili pamaso panu, chatsala n'kuchulukitsa basi.

Apa ndiye pali msampha. Malo olembera samu m'kati mwa pivot ndi Calculated Field, imene mumaipeza pa Fields, Items & Sets. Koma Calculated Field ya Excel imangodziwa kuphatikiza. Kolamu iliyonse imene mungaitchule mu fomula, iyo imayamba yaphatikiza manambala ake onse. Count imene mukuiona pa sikirini siingaigwiritse ntchito. Mukatchula kolamu ya mawu, imaitenga ngati 0, ndipo aliyense atuluka ndi mapointi 0.

Njira yozembera ndi yoti muipatse chinthu choti iphatikize. Onjezerani kolamu mu kaundula, muitche Ulendo, ndipo mzere uliwonse mulembemo 1. Amene munagwiritsa ntchito fomula ya IF ija muli nayo kale. Mukatero Calculated Field ikhale:

=Ulendo^2*Masiku

Pa mzere wa mlonda uja iphatikiza 1 katatu n'kupeza 3, iphatikiza masiku n'kupeza 7, n'kutulutsa 63. Zoona. Tsopano yang'anani pansi penipeni pa Grand Total. Mapointi a anthu atatu aja, 15 ndi 63 ndi 216, akaphatikizidwa ndi 294. Pivot ikulemba 2800. Yatenga maulendo onse 10, masiku onse 28, n'kuchita samu ngati loji yonse ndi munthu mmodzi. Zimachitanso chimodzimodzi pa Subtotal ya gawo lililonse, moti khitchini imene ili ndi anthu ambiri imaoneka ngati kwagwa mliri. Zimitsani zonse ziwiri pa Design musanasindikize, chifukwa bwana wothamanga amayamba kuwerenga nambala ya pansiyo.

Vuto lina ndi lakuti pivot table ya Excel ili ngati chithunzi cha pa chiphaso, imaonetsa mmene zinthu zinalili tsiku lojambula. Mukalemba mzere watsopano mu kaundula, iyo sisintha mpaka mutadina Refresh. Ndipo ngati kaundula simunamusandutse Table ndi Ctrl+T, mizere yatsopano ya pansi imatsala kunja ngakhale mutadina Refresh kangati. Palinso nkhani ya masabata 52 aja, omwe amasuntha tsiku ndi tsiku. Pivot payokha siwatsata. Mumafunika kolamu inanso yokhala ndi =IF(C2>=TODAY()-364,1,0) kuti muiike ku Filters. Taonani, makolamu othandizira afika kale awiri, ndipo njira imene inkaoneka yosafuna fomula yadzaza mafomula.

Ena amasiya pivot ndi masiku ndi maulendo okha, n'kulemba samu yochulukitsa pambali pake. Zimagwira, koma Excel imakonda kusandutsa fomula yoteroyo kukhala GETPIVOTDATA imene sikokeka bwino kutsika pansi, ndipo pivot ikakula kapena kuchepa, mafomula a pambaliwo satsatira. Njira imeneyi ndi ya lipoti la kamodzi kokha.

COUNTIFS ndi SUMIFS

Iyi ndi imene ine ndingasankhire pafupifupi bizinesi iliyonse ya m'boma lino. Tsegulani tsamba lachiwiri, mu kolamu A mulembe manambala a antchito onse. Mu H1 lembani tsiku limene lipoti likuthera. Ngati tsamba la kaundula munalitcha Kaundula, B2 ikhale ya maulendo:

=COUNTIFS(Kaundula!A:A,A2,Kaundula!F:F,"matenda",Kaundula!C:C,">"&$H$1-364,Kaundula!C:C,"<="&$H$1)

C2 ikhale ya masiku:

=SUMIFS(Kaundula!E:E,Kaundula!A:A,A2,Kaundula!F:F,"matenda",Kaundula!C:C,">"&$H$1-364,Kaundula!C:C,"<="&$H$1)

Ndipo D2 ikhale =B2^2*C2. Kokerani pansi, mwamaliza.

Mafomulawa ndi aatali poyang'ana, koma mumawalemba kamodzi. Safuna Refresh. Aliyense akhoza kudina kabokosi n'kuona mmene nambala yabwerera, zimene zimathandiza tsiku limene wantchito watsutsa. Amaonetsanso anthu amene sanadwalepo, ndi 0 patsogolo pa nambala yawo, pomwe pivot imangotchula okhawo amene ali mu kaundula wa ojomba. Izi si zazing'ono: lipoti la mayina 12 okha limachititsa mantha, koma likaoneka kuti ndi 12 mwa 40 nkhani imasintha. Akuphatikizanso bwinobwino, 294 amakhala 294. Ndipo amagwira pa Excel iliyonse kuyambira ya 2007, pa LibreOffice Calc imene ndi yaulere, komanso pa Google Sheets, kotero laputopu yakale ya mu ofesi siikhala chopinga.

Chifukwa chimene ndaikira tsiku mu H1 m'malo mwa TODAY() n'chakuti lipoti limene mwasindikiza pa 31 Malichi liyenera kutulukanso chimodzimodzi wina akafunsa mu Juni. Ndi TODAY() manambala amasintha mawa lomwe.

Zofooka zilipo. Wantchito watsopano muyenera kumuwonjezera nokha pa mndandanda, mukaiwala saoneka. Matenda aatali amene anayamba masabata 52 aja asanayambe amagwa onse, ngakhale masiku ena ali m'kati, poti fomula ikuyang'ana tsiku loyamba. Ndipo ngati tsiku linalembedwa ngati mawu chabe, COUNTIFS imangolidumpha osanena kanthu. Chizindikiro chake n'chosavuta: tsiku lenileni limatsamira kumanja kwa kabokosi, la mawu limatsamira kumanzere. Onaninso ngati kompyuta yanu imayamba ndi mwezi ngati ku America. Mukalemba 03/04 mukutanthauza 3 Epulo, iyo imamva 4 Malichi, ndipo 25/04 imamukana n'kumusiya ngati mawu. Pa makompyuta ena mafomula amafuna chizindikiro cha ; m'malo mwa , pakati pa zigawo.

Google Sheets ndi Power Pivot

Pivot table ya Google Sheets inathana nawo msampha wa kuphatikiza uja. Mukawonjezera Calculated field n'kusankha Custom pa Summarize by, mukhoza kulemba =COUNTA(Masiku)^2*SUM(Masiku) popanda kolamu ya Ulendo, ndipo imasintha yokha kaundula akasintha. Nambala ya pansi ija imalakwikabe momwemo. Imathandiza kwambiri ngati loji ili ku Cape Maclear koma mwini wake amakhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre, onse akuona fayilo imodzi. Mtengo wake ndi netiweki ndi bandulo. Kugwira ntchito popanda intaneti n'kotheka, koma mumayenera kukhala mutakonzeratu pamene netiweki ilipo.

Power Pivot ndi ya Excel ya pa Windows. Mumalemba fomula yake, yotchedwa measure, m'chiyankhulo cha DAX, ndipo imatha kuwerenga mapointi a munthu aliyense payekha kenako n'kuwaphatikiza, kotero ngakhale Grand Total imatuluka yoona. Ndi yabwino kwa bungwe la antchito mazanamazana. Pa loji ya anthu 30, tsiku limene amene anaikonza wasiya ntchito, fayilo nayo yasiya ntchito. Dziwaninso kuti mukachonga Add this data to the Data Model popanga pivot, Calculated Field ija imatsekeka.

Masiku mukuwawerenga bwanji?

Njira zonsezi zimadalira kolamu E. NETWORKDAYS, fomula yowerengera masiku a ntchito kuchokera tsiku loyamba kufika lomaliza, imaganiza kuti aliyense amapuma Loweruka ndi Lamlungu, pamene kunyanja amenewo ndiwo masiku a ntchito yambiri. NETWORKDAYS.INTL, imene inabwera ndi Excel 2010, imakulolani kunena nokha masiku opuma ndi manambala 7 oyambira Lolemba: "0000001" ndi kupuma Lamlungu lokha, "0000100" ndi kupuma Lachisanu lokha. Masiku a tchuthi cha boma mumawalemba pa mndandanda wapadera: 1 Januwale, 15 Januwale la John Chilembwe, 3 Malichi, 1 Meyi, 14 Meyi, 6 Julayi, 15 Okutobala, Khirisimasi ndi tsiku lotsatira lake. Pasaka amasuntha chaka ndi chaka, ndipo Eid imadikira kuoneka kwa mwezi, kotero zimenezi mumaziwonjezera pamanja.

Kwa alonda ndi ena ogwira mosinthana, fomula iliyonse idzanama. Tengani ndandanda ya mashifiti, muwerenge masiku amene munthuyo amayenera kubwera, mulembe nambalayo pamanja.

Nambalayo mukapita nayo kuti

Pa intaneti mupeza matebulo onena kuti mapointi akafika pakutipakuti mupereke chenjezo la pakamwa, akapitirira mulembe kalata, akapitiriranso muchotse ntchito. Amenewo ndi malamulo a makampani a kunja, aliyense ndi manambala ake, ndipo kuwakopera kuno n'kudziitanira milandu. Gawo 46 la Employment Act ya 2000 limapatsa wantchito amene wakwanitsa miyezi 12 tchuthi cha matenda chosachepera masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, pokhala ndi kalata ya dokotala. Gawo 57 limanena kuti kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito kapena kumupatsa chilango. Ku Industrial Relations Court mapointi 216 sakayankha funso lakuti kodi munthuyo anali ndi kalata ya kuchipatala kapena ayi. Choncho mu kaundula muwonjezere kolamu ya eya kapena ayi pa nkhani ya kalatayi. Kwa ine imeneyi ndi yofunika kuposa mapointi enieniwo.

Komanso Bradford Factor inapangidwira dziko lopanda malungo. Chimene imalanga kwambiri, kudwala pang'onopang'ono koma kawirikawiri, ndi mmene malungo amabwerera kwa munthu wogona m'mbali mwa nyanja kapena wa mtsinje wa Shire, makamaka mlonda amene amachezera panja usiku wonse. Mankhwala a LA amamwedwa masiku atatu. Wina amva bwino pang'ono pa tsiku lachitatu, adzikoka kubwera kuntchito, mawa lake thupi likana, agonanso masiku atatu. Ameneyu ali ndi maulendo 2 ndi masiku 5, mapointi 20. Mnzake amene anangogona masiku 5 osadzivutitsa ali ndi mapointi 5. Wakhama ndiye walangidwa kanayi. Pa chifukwa chimenechi ndi bwino kugwirizana pasadakhale kuti matenda omwewo akabwereranso pasanathe masiku angapo aziwerengedwa ulendo umodzi, ndipo lamuloli lizigwira kwa aliyense. Chimodzimodzi amene amapita kuchipatala pa tsiku loikika kukatenga mankhwala a matenda okhalitsa monga shuga, BP kapena ma ARV: masiku amenewo apatseni mtundu wawowawo mu kolamu F.

Palinso khitchini. Mangochi anali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa kwambiri ndi kolera ya 2022 ndi 2023. Wophika amene akutsegula m'mimba mumafuna akhale kunyumba. Akadziwa kuti ulendo wachinayi wa tsiku limodzi umukweza kuchoka pa mapointi 27 kufika pa 64, abwera n'kukhala chete, ndipo adzagwira mbale za alendo.

Ndiye mapointiwa atengeni ngati chokuuzani woti mukhale naye pansi n'kumufunsa kuti zikuyenda bwanji. Wa Malolemba 6 uja mwina ndi mowa wa Lamlungu, inde, koma mwinanso kwawo ndi ku Makanjira ndipo akapita kukaona banja galimoto yobwerera imavuta. Zimenezi spreadsheet singakuuzeni.

Pamene pivot table ilibe mnzake

Ndaichepetsa pa nkhani ya mapointi, koma pa funso lina palibe fomula imene ingaipose. Chotsani anthu ku Rows, muikeko gawo la ntchito. Kokerani tsiku loyamba ku Columns, mudine kumanja, musankhe Group, kenako Months. Mukuona tsopano miyezi ndi magawo pa tebulo limodzi. Ngati alonda okha ndiwo amagwa kuyambira Januwale mpaka Epulo, nkhani ndi ya udzudzu, ndipo mankhwala odzola ndi yunifomu ya manja aatali zichita zambiri kuposa kalata ya chenjezo. Ngati ogwira m'madzi, oyendetsa maboti ndi otsuka maukonde, ndiwo akudandaula pafupipafupi, ganizirani zowayezetsa likodzo. Onjezerani kolamu ya =TEXT(C2,"ddd") mu kaundula, pivot ikuonetsani masiku a sabata amene anthu amajomba kwambiri, ndiponso ngati zimachuluka malipiro akangotuluka.

Poyerekeza magawo kapena miyezi, siyani Bradford, gwiritsani ntchito peresenti. Gawani masiku otayika ndi masiku onse amene anthu amayenera kugwira, muchulukitse ndi 100. Antchito 30 ogwira masiku 26 pamwezi ali ndi masiku 780. Akataya 39, ndiye 5 peresenti. Nambala imeneyi sikondera gawo laling'ono, ndipo mwini bizinesi amaimva msanga poti imasanduka ndalama mosavuta.

Kotero fayilo imodzi ya masamba atatu ikukwanirani: kaundula, tsamba la COUNTIFS la munthu aliyense, ndi pivot ya miyezi ndi magawo.

Fayiloyi ili ndi nkhani za thanzi la anthu, zimene Data Protection Act ya 2024 imaziika m'gulu lofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo pa loji aliyense amadziwa aliyense. Dzina la matenda musalilembe mu kaundula, mawu akuti "matenda" akwana. Protect Sheet imangoletsa kusintha, siletsa kuwerenga. Chotseka chenicheni ndi Encrypt with Password, pa File kenako Info. Ndipo musatumize pivot yokha pa WhatsApp poganiza kuti poti mwafufuta tsamba la kaundula ndiye zinsinsi zachoka. Excel imasunga kope la kaundula yense kuseri kwa pivot, ndipo aliyense akadina kawiri pa nambala ya Grand Total, mizere yonse imatuluka pa tsamba latsopano. Bwana mutumizireni PDF.